Dimba la kuseri kwa nyumba: kalimidwe kosalira ndalama ndi njira zochepetsera zogula za tsiku ndi tsiku

Ndalama ya pakhomo imathera kwambiri pa tinthu togula tsiku ndi tsiku: mpukutu wa mpiru, kamulu ka tomato, anyezi mmodzi, kajumbo ka makala, kachubu ka mafuta. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinthu timeneti takwera mtengo kangapo, ndipo wogula aliyense pa benchi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi waona mpukutu ukunka nuwonda. Dimba la kuseri kwa nyumba lingakupepuzeni pa mtolo umenewu, koma pokhapokha ngati dimbalo silikudya ndalama. Mukayamba kugula feteleza, mankhwala ndi mbewu za m'mapaketi nyengo iliyonse, n'kumathiriranso madzi a pa mita, masamba anuwo adzadula kuposa a kumsika. Choncho madzi, manyowa ndi mbewu zichokere pakhomo pomwepo, ndipo malangizo onsewa atsamira pamenepo.

Yambani ndi kope

Musanagwire khasu, tengani kope ndipo kwa masiku 7 lembani chilichonse chomwe mwagula, ngakhale machesi. Pa tsiku lomaliza chongani zinthu zomwe zingamere pakhomo panu, ndipo muone zomwe mwagula kawirikawiri. Zimenezo ndizo mudzale. Banja lomwe limadya mpiru kanayi pa mlungu lisayambe ndi letesi chifukwa choti paketi yake ikuoneka bwino m'sitolo.

Malo ndi mabedi

Masamba amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa pa tsiku. Yang'anani malowo m'mawa, masana ndi madzulo kuti mudziwe pomwe mthunzi wa nyumba ndi wa mpanda umagwera. Pansi pa mtengo wa mango kapena pafupi ndi bulugamu musayesepo: mthunzi umatalikitsa mbewu n'kuzionetsa mbuu, ndipo mizu ya mtengo imamwa madzi onse omwe mwathira. Talikiraninso chimbudzi ndi ngalande ya madzi oipa. Ngati pamalopo panali dzala lotayapo mabatire ndi mapulasitiki, fukulani zinyalalazo kapena limani m'matumba ndi dothi lochokera kwina.

Mpanda umangidwe mbewu isanafesedwe. Nkhuku imodzi imapalasa nazale yonse m'kanthawi kochepa. Udzu, bango, mapesi kapena matumba akale osokerera pa mitengo n'zokwanira, bola pansi pasakhale mpata.

Bedi likhale mita 1 m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati popanda kuponda, ndi mamita 3 m'litali. Pakati pa mabedi siyani kanjira ka masentimita 40. Kwa banja la anthu 5 kapena 6, mabedi anayi otere akwanira kupereka ndiwo zamasamba masiku ambiri pa mlungu. Woyamba kumene ayambe ndi awiri, chifukwa dimba lalikulu loposa madzi omwe alipo limauma mu Seputembala.

Tipulani mozama masentimita 30, phwanyani zibuma, chotsani miyala ndi mizu ya kapinga. Kenako ganizirani nyengo. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi ngati masentimita 10, lokhala ndi kamgula m'mbali, kuti madzi omwe mwathira asathawire m'kanjira. M'dzinja likhale lokwera masentimita 15 mpaka 20 kuti mizu isamire. Anthu ambiri amakweza bedi chaka chonse chifukwa ndi momwe anaonera, ndiye mu Okutobala amadabwa madzi akutsetsereka m'mbali, pakati pali gwa.

Pa sikweya mita iliyonse thirani ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owola bwino, ndipo sakanizani ndi dothi la pamwamba. Ngati ndi zitosi za nkhuku zowola, theka la ndowa lakwana chifukwa n'zamphamvu. Zitosi kapena ndowe zaziwisi zimatentha mizu, zimaitana ntchentche, komanso zimabweretsa tizilombo ta matenda a m'mimba pa masamba oti mudye.

Okhala pa lendi, pomwe bwalo ndi la simenti kapena mwini nyumba safuna kukumbidwa, agwiritse ntchito matumba a makilogalamu 50. Sakanizani magawo awiri a dothi la pamwamba ndi gawo limodzi la manyowa, ndipo ngati dothilo ndi lamakande onjezani gawo limodzi la mchenga. Pezani chitini chobowola mbali zonse ziwiri, chiimikeni pakati pa thumba, chidzazeni ndi timiyala, thirani dothi mozungulira, kokerani chitinicho m'mwamba ndi kubwerezanso mpaka thumba lidzaze. Mzere wa timiyala wotsala pakatiwo ndiwo umatsitsa madzi mpaka pansi. Popanda mzerewu, pamwamba pamanyowa koma mbewu za m'munsi zimafota. Thirirani, dikirani masiku 2 kapena 3 kuti dothi likhazikike, kenako chekani timabowo m'mbali motalikirana masentimita 20 ndi kulowetsamo mbande. Thumba limodzi limatenga mbande 15 mpaka 20 za repu kapena mpiru, ndipo pamwamba mutha kuikapo anyezi. Limamwa malita 3 mpaka 5 pa tsiku. Dzuwa limafumbutsa matumba, choncho musamawasunthesunthe.

Manyowa a pakhomo

Mulu wa kompositi uyambidwe tsiku lomwelo lomwe mwayamba kutipula, chifukwa ndiwo udzadyetse mabedi ulendo wachiwiri. Sankhani malo a mthunzi, mita 1 mbali zonse. Pansi yalani timitengo kapena mapesi odula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake ikani zouma (udzu, masamba ogwa, makoko a mtedza) zochindikala masentimita 15 mpaka 20, kenako zaziwisi (makoko a nthochi ndi a mbatata, zotsala posadzula ndiwo, udzu wopalira wopanda njere) masentimita 10, kenako ndowe kapena zitosi masentimita 5, ndipo wazani phulusa pang'ono ndi dothi la pamwamba. Nyowetsani gawo lililonse. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno, zikani ndodo pakati, ndipo fundikani ndi matumba akale kapena masamba a nthochi.

Ndodoyo ndiyo ikuuzeni zomwe zikuchitika mkati. Izuleni pakatha masiku 4. Ikakhala yotentha ndi yonyowa, zonse zili bwino. Ikakhala yozizira ndi youma, kapena ili ndi zoyera ngati ufa, madzi achepa. Mulu ukamanunkha ngati ngalande, madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa: uphwasuleni, onjezani zouma, muunjikenso. Mukamatembenuza milungu iwiri iliyonse, manyowa amapsa pa milungu 6 mpaka 8. Alimi ena amamata mulu wonse ndi matope n'kusiya kabowo pamwamba, njira yomwe imatchedwa chimato. Imeneyi imasunga chinyezi ndipo siifuna kutembenuza, koma imatenga miyezi iwiri kapena itatu. Manyowa akupsa amakhala akuda, ofumbutuka m'manja, a fungo la dothi lonyowa ndi mvula yoyamba.

Mafupa, nyama, mafuta, ndowe za galu ndi mphaka, komanso zomera za tomato zodwala zisalowe m'mulumo. Zodwalazo zitentheni.

Masamba othyoledwa mlungu ndi mlungu amafuna kubereketsedwa. M'malo mwa feteleza, pangani manyowa amadzi. Ikani zitosi zouma zokwana ndowa imodzi m'thumba, mangani, ndipo lendeweretsani thumbalo m'mgolo wa madzi okwana ndowa 5. Masamba a deliya, chomera cha maluwa achikasu chomwe chimadzadza m'mphepete mwa misewu, amagwiranso ntchito yomweyo mukawadula n'kuwanyika. Vindikirani kuti udzudzu usaswanemo, ndipo takasani masiku atatu alionse. Pakatha milungu iwiri, sungunulani ndi madzi ena mpaka mtundu ufanane ndi tiyi wopanda mkaka wosapsa kwambiri, kawirikawiri gawo limodzi ku magawo 3 kapena 4 a madzi. Thirani patsinde kamodzi pa mlungu, dothi lili lonyowa kale, osawaza pa masamba.

Nkhani ya madzi

Apa ndi pomwe madimba ambiri a m'tauni amafera. Werengani musanadzale. M'miyezi yozizira ya Meyi mpaka Julayi, sikweya mita imodzi imafuna pafupifupi malita 5 pa tsiku. Bedi limodzi ndi malita 15, mabedi anayi ndi malita 60, kapena kuti ndowa zitatu. Mu Okutobala madziwa amafunika kuwirikiza pafupifupi kawiri ngati bedi lili losaphimbira. Kodi ndowa zimenezi zichokera kuti? Mukapanda yankho, chepetsani mabedi.

Yankho lili m'madzi omwe mumataya kale. Otsukira mpunga, mbatata ndi ndiwo ndi abwino kwambiri. Otsukuluzira mbale ndi zovala ulendo womaliza, komanso osamba, amathandiza. Ikani beseni pansi pa mpopi wosambira m'manja ndi ndowa yakeyake m'bafa. Koma madzi okhala ndi jiki, ochapira matewera, amchere, amafuta ambiri, ndi oyamba ochapira a thovu lambiri la sopo waufa asapite kudimba. Sopo waufa amasiya mchere m'dothi, ndipo pakapita miyezi pamwamba pa bedi pamayera, masamba n'kumapsa m'mphepete. Madzi ogwiritsa kale ntchitowa athiridwe tsiku lomwelo, pansi osati pa masamba, ndipo kamodzi pa mlungu bedi lilandire madzi oyera. Madzi ogwiritsa kale ntchitowo asafike pa mbewu zodyedwa zaziwisi kapena pa nazale.

Kuphimbira ndiko kumapulumutsa madzi kuposa china chilichonse. Yalani udzu wouma wopanda njere wochindikala masentimita 5, kusiya kampata pozungulira tsinde kuti lisawole. Kumadera a chiswe chambiri yang'anani pansi pa udzuwo pafupipafupi, ngakhale kawirikawiri chiswe chimayamba ndi zouma osati mbewu yathanzi.

Thirirani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo thirani mokwanira. Kuwaza pang'onopang'ono kangapo pa tsiku kumanyowetsa pamwamba pokha, mizu n'kukhala yosazama. Pisani chala mpaka pa mfundo yachiwiri: ngati mukumva chinyezi, lekani kaye. Pa tomato ndi tsabola, kwirirani botolo la malita 2 lobowola timabowo pansi pafupi ndi tsinde, muzithira madzi m'menemo.

Zodzala ndi nyengo yake

Ndiwo zathu zamakolo ndizo msana wa dimba losalira ndalama. Bonongwe, luni, chisoso, denje, nkhwani, chitambe, khwanya, kholowa ndi chigwada mbewu zake n'zopempha kwa anansi, sizigwidwagwidwa ndi matenda, ndipo zimakonda dzinja pomwe mpiru ndi tomato zimavutika. Kuyambira Novembala mpaka Malichi dimba likhale la zimenezi, pamodzi ndi therere lobala. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti ndi nthawi ya mpiru, repu, chaina, anyezi ndi tomato. Mu Seputembala ndi Okutobala, kutentha kukafika, bwererani ku bonongwe, chitambe ndi kholowa. Mpiru wa nyengo imeneyo umathamangira kuchita maluwa ndipo umawawa.

Pa malo ochepa kabichi sapindula. Amakhala m'bedi miyezi itatu, amadyedwa ndi mbozi, ndipo pamapeto mumadula mutu umodzi basi, pomwe repu wodzalidwa pamalo omwewo mumathyola miyezi iwiri kapena itatu. M'mphepete mwa mpanda ikani zokhalitsa: mitengo ingapo ya chinangwa chothyola chigwada, mzere wa mbatata wa kholowa, tsabola wa kambuzi mitengo iwiri, papaya, ndi chamwamba chomwe muzichidula msinkhu wa m'chifuwa kuti masamba azifikika. Chigwada chisinjidwe ndi kuwiritsidwa mokwanira nthawi zonse, chifukwa chachiwisi chili ndi poizoni.

Bonongwe ndi luni safuna nazale. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, choncho sakanizani supuni yaing'ono imodzi ya njere ndi mchenga wouma wodzaza kapu, wazani pa bedi, ndipo kwirirani pang'ono chabe ndi dzanja. Pakatha milungu 3 kapena 4 yambani kuzula zothithikana n'kudya, kusiya zina motalikirana masentimita 20. Zotsalazo muzidula nsonga kuti ziphuke nthambi. Chitambe ndi khwanya dzalani njere ziwiri pa phando, motalikirana masentimita 15.

Kufesa ndi kuwokera

Mpiru, repu, chaina, tomato ndi anyezi ziyambire pa nazale. Beseni lobowoka kapena kachigawo ka bedi n'kokwanira. Dothi likhale losalala, lembani timizere totalikirana masentimita 10, ndipo fesani mosathithikana, mozama osapitirira sentimita 1. Phimbani ndi udzu wochepa, thirirani mofatsa kudzera pa chitini chobowola. Mpiru umamera pa masiku 4 mpaka 7. Zikangomera chotsani udzuwo ndipo mangani kamthunzi m'mwamba, apo ayi mbande zimatalika zowonda n'kugwa.

Ngati mbewu yake ndi yosungidwa kapena yogula pamsika yosadziwika bwino, iyeseni kaye. Ikani njere 10 pa kansalu konyowa, pindani, ndipo muone pakatha mlungu. Zikamera zosakwana 7, fesani mochulukirapo kapena pezani ina.

Vuto lofala pa nazale ndi mbande kuwola patsinde n'kugona pansi ngati zadulidwa ndi ulusi. Zimachitika chifukwa cha madzi ochuluka, kuthithikana, ndi mthunzi wambiri. Chepetsani madzi, patulirani, thirirani m'mawa mokha, ndipo nazale yotsatira ikhale pa dothi lina.

Mpiru ndi repu ziwokeredwe pakatha milungu 3 kapena 4, zikakhala ndi masamba 4 kapena 5. Masiku angapo musanawokere chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti zikhwime. Pa tsikulo nyowetsani nazale, zulani ndi supuni pamodzi ndi dothi lake, ndipo wokerani madzulo. Talikitsani masentimita 30 mbali zonse, zomwe zikupatsani mizere itatu ya mbande 10, zonse pamodzi 30 pa bedi. Tsinderani dothi ndi zala ndi kuthirira nthawi yomweyo. Mukapeza m'mawa mbande yadulidwa pansi penipeni, fukulani ndi chala pafupi ndi tsindelo ndipo mupeza mbozi yotuwa itadzipinda. Iphani, ndipo wokeranipo ina.

Kuthyola kumayamba pakatha milungu 3 kapena 4 chiwokerereni. Tengani masamba awiri kapena atatu a m'munsi pa mtengo uliwonse, kusiya anayi a pakati. Kupulula masamba onse kumaimitsa kukula. Ndipo musafese paketi yonse tsiku limodzi: fesani pang'ono milungu itatu iliyonse, kuti bedi lina likamakalamba lina likhale likuyamba. Mukapanda kutero mudzakhala ndi masamba osowa nawo chochita mu Juni, mu Ogasiti n'kubwereranso ku benchi.

Anyezi amafuna kudekha. Fesani mu Malichi kapena Epulo, wokerani pakatha milungu 6 mpaka 8 mbande zikanenepa ngati pensulo yowonda, motalikirana masentimita 10 m'mizere ya masentimita 20. Mtundu wa Red Creole umasungika nthawi yaitali. Makosi akayamba kugwa lekani kuthirira, zulani ndi kuyanika pamthunzi.

Tomato ndiye amadya ndalama zambiri kukhitchini, komanso ndiye wovuta kwambiri kudimba. Mitengo 6 mpaka 8 yakwana. Mitundu ngati Tengeru 97, Tanya ndi Rodade imapezeka m'masitolo a zaulimi ndipo njere zake mutha kusunga. Talikitsani masentimita 60, zikani ndodo tsiku lowokera, mangirirani momasuka ndi kansalu, ndipo chotsani masamba okhudza pansi. Tomato wakuda kunsi kapena wong'ambika ndi chizindikiro cha kuthirira modumphadumpha, lero ayi mawa madzi ambiri. M'dzinja chiwawu chimapsereza masamba m'masiku ochepa chifukwa cha chinyezi, ndipo pakhomo posagula mankhwala ndi bwino kupumira tomato nyengo imeneyo.

Musabwereze banja limodzi la mbewu pa bedi lomwelo. Mpiru, repu, chaina ndi kabichi ndi amodzi. Tomato, tsabola, mabiringanya ndi mbatatesi ndi amodzinso. Pambuyo pa lililonse la mabanjawa dzalani nyemba kapena khobwe. Mukazula tomato kapena therere n'kupeza mizu ili ndi timatuza ngati mikanda, m'dothimo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Pamenepo dzalanipo anyezi kapena chimanga kwa nyengo ziwiri ndi kuonjezera manyowa.

Tizilombo

Mankhwala oyamba ndi maso anu. Tembenuzani masamba m'mawa uliwonse. Mbozi, nkhono ndi nunkhadala tolani ndi manja. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana kunsi kwa tsamba ndi pa nsonga, tsamba n'kupiringizika. Sungunulani chidutswa cha sopo wochapira wouma, chokula ngati theka la bokosi la machesi, m'malita 5 a madzi, onjezani tsabola wowawa wosinja wodzaza dzanja, siyani usiku wonse, sefani, ndipo wazani madzulo kunsi kwa masamba. Yesani kaye pa mtengo umodzi, chifukwa sopo akachuluka amapsereza. Kumadera otentha monga Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Mangochi komwe nimu ndi wambiri, sinjani kilogalamu imodzi ya masamba ake, nyikani usiku wonse m'malita 5, sefani ndi kuwaza kamodzi pa mlungu. Dikirani masiku awiri kapena atatu musanathyole, ndipo tsukani bwino.

Mu Seputembala ndi Okutobala tomato amagwidwa ndi tiakangaude tofiira tomwe timasiya timadontho tachikasu ndi ukonde wopyapyala. Timakonda fumbi ndi kuuma. Mtengo womwe wagwidwa kwambiri uzulidwe n'kutenthedwa usanapatsire ena. Masamba a m'munsi akamachita chikasu popanda kachilombo kalikonse, mbewu ili ndi njala, ipatseni manyowa amadzi.

Kusunga mbewu ndi kufutsa

Siyani mitengo iwiri kapena itatu yathanzi kwambiri, yomwe yachedwa kuchita maluwa, kuti ibereke njere. Mukasunga za mtengo womwe unathamangira maluwa, ana ake adzachitanso chimodzimodzi. Zikhokhombe za mpiru zikachita khofi dulani, yanikani m'thumba ndi kupuntha. Za tomato finyirani m'kapu, siyani masiku 2 kapena 3 kuti ziwire, tsukani ndi kuyanika pamthunzi. Sungani m'botolo louma lotseka bwino, muikemo phulusa pang'ono, ndipo lembani mwezi ndi chaka. Mbewu za haibulidi, zolembedwa F1 pa paketi, musasunge njere zake chifukwa sizibereka mofanana ndi kholo.

Mu Febuluwale ndi Malichi nkhwani ndi chitambe zimachuluka kuposa pakamwa. Futsani. Sadzulani, tsukani, viikani m'madzi owira kwa mphindi 3 zokha, khetsani, ndipo yanikani pa thandala loyalapo nsalu yoyera, pamthunzi podutsa mphepo. Woyanika padzuwa lowala amauma msanga koma amatuwa ndi kutaya zina mwa zofunika m'thupi. Mfutso wauma ukamafumbutuka pofinya. Usungeni m'chigubu chotseka. Mfutso wotendera ndi nsinjiro sufuna mafuta ngakhale dontho, ndipo ndiwo umakupulumutsani mu Okutobala. Posinja nsinjiro sankhani mtedza, wachuku ndi wofota tayani.

Moto wophikira

Pambuyo pa ndiwo, kope lija likuonetsani kuti makala ndi nkhuni ndizo zikutsatira. Nyemba ndizo zimadya moto kwambiri. Zinyikeni usiku wonse, maola 8 kapena kuposa, ndipo nthawi yophika idzachepa kwambiri. Vindikirani poto nthawi zonse, ndipo konzani zonse, kudula ndi kutsuka, musanakoleze moto. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo, imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu ndipo imayaka ndi tinthambi ndi zitsononkho. Mukamaliza kuphika, makala otsala atsekereni m'chitini chachitsulo kapena akwirireni ndi mchenga, azima okha ndipo mawa ayakanso. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Pangani dengu losunga kutentha. Tengani dengu kapena katoni yaikulu kuposa poto wanu, yalani mkati nsanza, mapepala okwinya kapena udzu wouma wochindikala masentimita 10 pansi ndi m'mbali, kutirani ndi chitenje chakale, ndipo sokani kapilo kotsekera pamwamba. Nyemba zonyika ziwire mwamphamvu mphindi 20 pamoto, kenako lowetsani poto wovindikira m'dengumo mwachangu, tsekani, ndipo musatsegule kwa maola 3 kapena 4. Mpunga uwire mphindi 5, ukhale m'dengu mphindi 40. Zikakanika kupsa, ndiye kuti poto sanadzaze, chivindikiro n'chosagwira, kapena pali mpata pakati pa poto ndi nsanza. Chakudya chikapitirira maola 5 m'dengumo, chiwiritseninso musanadye.

Magetsi ndi mpopi

Mayunitsi a ESCOM amathera pa zotenthetsa. Mbaula ya magetsi ya mawati 1000 imadya yuniti imodzi pa ola. Babu lakale la mawati 60 loyaka maola 5 pa tsiku limadya mayunitsi 9 pa mwezi, pomwe la LED la mawati 9 silifika ngakhale yuniti imodzi ndi theka. Sitani zovala zonse tsiku limodzi, wiritsani madzi okwana okha, ndipo otsala asungeni mu fulasiki. Za madzi, tsekani mipopi yonse usiku, lembani nambala ya pa mita, ndipo muionenso m'mawa. Ikasuntha, penapake pakudontha, ndipo kawirikawiri ndi kalabala ka mu mpopi kapena thanki ya chimbudzi.

Kugula mopikula

Ufa wa wokumani, mafuta a m'tichubu ndi shuga wa pa supuni zimaoneka zotsika mtengo, koma mukaphatikiza za mwezi wonse zimaposa mtengo wa paketi yaikulu. Ndalama yomwe dimba lakupulumutsirani isasakanikirane ndi ina. Iikeni padera tsiku lililonse lomwe simunagule ndiwo, kaya m'chitini kaya ku banki mkhonde, ndipo igwire ntchito yopikulira. Mabanja awiri kapena atatu atha kusonkherana kugula chigubu cha mafuta kapena thumba la makala n'kugawana.

Chimanga, nyemba ndi mtedza zimatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu Epulo mpaka Juni, ndipo zimakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Gulani nthawi yokolola, koma onetsetsani kuti zauma. Ikani njere zodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi supuni ya mchere wouma, khutchumulani, ndipo dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikidwenso. Matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, amapha nankafumbwe pomutsekera mpweya popanda mankhwala. Finyani mpweya, mangani pulasitiki iliyonse payokha, ikani thumba pa matabwa kutali ndi khoma, ndipo litetezeni ku makoswe chifukwa kabowo kamodzi kamaononga ntchito yonse. Ku chigayo, mgaiwa umatuluka wambiri pa thumba kuposa ufa woyera chifukwa palibe chokonoledwa. Mukasankha kukonola, madeya musawasiye kuchigayoko: abwere kunyumba adyetse nkhuku, ndipo zitosi zake zilowe m'mulu wa kompositi ndi mu mgolo wa manyowa amadzi.